MTIMA WA WODWALA KHANSA ATABWERERA KU MUDZI

Mau onenedwa pa msonkhano wa Mafumu ndi mamembala ku Marka



Ndithokoza kuti mwandipatsa danga lakunena za anthu amene acitidwa opareshoni cifukwa ca nthenda ya khansa, nabwerera kwao. Ine ndine kalaliki cabe. Za mpeni ndi mankhwala ndisiyira eni ace. Cimene ndifuna kuika pamaso panu ndi ici, kuti nkhawa imene wodwala abwera nayo kucokera ku cipatala icepa kapena ikula monga mwa macitidwe a mudzi, ndipo mudzi uli m'manja mwanu.

Ndinena makamaka za amai, pakuti khansa ya khomo la cibelekero ndiyo iwatha koposa. Mawerengedwe a World Health Organization a caka ca 2020 aonetsa kuti m'Malawi amai oposa 4,000 anagwidwa nayo m'caka cimodzi, ndi pafupifupi 3,000 anamwalira. M'caka ca 2018 madotolo a Médecins Sans Frontières anayamba kuthandizana ndi Boma pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kumeneko amai ambiri amene nthenda yao inaoneka msanga acotsedwa cibelekero.

Tsono taganizani za mai wa kuno ku Marka pa tsiku lomturutsa. Atsika phiri kufika pa Thabwa, aoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, napyola Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, mtunda woposa mamailosi 100, cilonda cisanapole. M'cipatala anagona pakati pa anzace a nthenda yomweyo, ndi namwino anali pafupi. Pofika kwao abale amlonjera masiku awiri kapena atatu, nati, Wacira, tiyamike Mulungu; ndipo abalalika kunka ku madimba ao. Pamenepo ndi pamene mtima uyamba kulemera.

Cimene cimsautsa poyamba ndi kudikira. Cotupa cimene anacotsa acipima, ndipo yankho litenga masabata. Ndilo linena ngati afunikanso mankhwala ena. Lingakhale yankho liri labwino, amuuza kuti azibwera kukapimidwa kwa zaka zingapo. Kotero msana ukawawa pang'ono iye ati, Yabwerera. Nakhala maso usiku wonse, kuwerenga ana ace ndi kufunsa adzawalera ndani. Dotolo amletsanso kunyamula zolemera pafupifupi masabata 6. Koma ife kuno ulemu wa mkazi tiuyesa ndi ndowa, mtondo ndi khasu. Ndipo mai akamva apongozi ali kung'ung'udza kuseri kwa nyumba, adzuka nanka ku mjigo masiku ace asanakwane.

Bvuto lalikuru ndi la ukwati, ndipo ndilo lifika pa bwalo lanu, Mafumu. Pakati pa Asena mkazi akhala kwa mwamuna, ndi cuma ca malowolo ciperekedwa ndi ciyembekezo ca ana. Mkazi wocotsedwa cibelekero sadzabalanso, ndipo acidziwa ici bwino koposa ife tonse. Aopa kuti adzabwezedwa kwa makolo ace ana natsala, kapena kuti mkazi wina adzalowa m'nyumba iye ali cigonere. Kwa Amang'anja, kumene mwamuna ali mkamwini, njira ndi yaifupi koposa: angopinda mkeka wace nacoka. Ndipo pali bodza limene liyenda pa moŵa ndi pa bwalo la bawo, lakuti mkazi wotere sangathenso kukhala malo amodzi ndi mwamuna wace. Mundikhululukire ponena izi pamaso pa akuru, koma bodza limeneli lapasula mabanja. Madotolo anena kuti cilonda citapola, patapita masabata 6 kapena kuposerapo, iwo atabvomereza, banja likhala monga mwa ukwati. Ngati anacotsanso mazira, thupi litentha modzidzimutsa, thukuta lituruka usiku, ndi mtima sucedwa kupsa. Kumeneko ndi kusintha kwa m'thupi, mwamuna asakuyese mwano. Wocotsedwa bere ali ndi zace: asamba yekha mobisala, nadzikulunga nsaru ngakhale m'kutentha kwa mwezi wa October, ndipo nthawi zina dzanja la mbali imeneyo litupa.

Nanga apirira bwanji? Ambiri akhala cete. Ati ananka ku Blantyre cifukwa ca cotupa cabe, osachula dzina la nthenda, pakuti aopa kupatulidwa mbale ndi cikho. Sindiwatsutsa, cinsinsi ndi cao. Koma manyazi akhale pa ife amene tiwaopsa, pakuti khansa siipatsirana pa kudyera pamodzi kapena pa kucapa zobvala za wodwala. Ena atsamira pa pemphero, ndipo amai a mpingo amene afika ndi mtolo wa nkhuni ndi kaufa alalikira bwino koposa mlaliki wouza wodwala kuti ataye mankhwala. Koma monga ndiona ine, amene alimba msanga ndi iwo amene ali ndi mnzao wopyola njira yomweyo. Amai a m'wodi imodzi asungirana manambala a lamya, ndipo mau a mnzace onena kuti, Inenso sindinagone mwezi woyamba, atonthoza koposa uphungu wa anthu khumi athanzi. Nchito zopepuka zithandizanso, monga kutong'ola cimanga ndi kusankha nyemba ali khale, pakuti munthu afuna kuona kuti manja ace akali ndi phindu pakhomo.

Ena, mtima utasowa pogwira, afunafuna amene anawalodza. Ndalama zoyendera ku Blantyre zithera kwa woombeza, ndi mlandu ugwera nkhalamba ya m'mudzi yosadziwa kanthu. Mudziwa, Mafumu, kuti lamulo la 1911 liletsa kuchula munthu mfiti. Ndipo cimene cidzetsa khansa ya khomo la cibelekero cidziwika: ndi kacirombo kochedwa HPV, kamene Boma linayamba kupereka katemera wace kwa asungwana a zaka 9 mu January 2019.

Pali malire a zimene mudzi ungathe. Wodwala akatha masabata awiri osadya bwino, osagona, osafuna kuona munthu, kapena akayamba kunena kuti kukadakhala bwino atafa, musamdzudzule kuti asowa cikhulupiriro. Imeneyo ndi nthenda inanso, ndipo anke nayo ku cipatala msanga. Ululu wosaleka nawonso ufooketsa mtima. Pa Queen Elizabeth anatsegula kiliniki ya Tiyanjane m'caka ca 2003 kuti icepetse zowawa za odwala nthenda zazikuru ndi kumva nkhawa zao, ndipo nchito yotereyi inafalikira ku zipatala za m'maboma; kotero wa kuno ayambe kufunsa pa cipatala ca Nsanje.

Ndipempha tsono kuti msonkhano uno ubvomereze kuti mlandu wa kusudzula mkazi wocitidwa opareshoni usaweruzidwe mfumu isanaitane namwino kapena mlangizi wa zaumoyo, kuti afotokozere mwamuna ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Ndipemphanso kuti mudzi uli wonse usunge kathumba ka ulendo wa kukapimidwa, ndi kuti ulendo wa nyengo ya dzinja ukonzedwe msanga. Takumbukira momwe namondwe Freddy anadulira miseu ya m'cigwa muno mu March 2023. Mlembi ali nalo pepala lolembapo maina a midzi imene ibvomera.

Ndatha, a pa Mpando.