Makina a Khadi ndi Bokosi la Gulu: Mawu a Amayi a ku Eersterust

 Ife ndife gulu la ku Eersterust, kum'mawa kwa Pretoria, pakati pa Silverton ndi Mamelodi. Ambiri mwa ife timagulitsa zakudya: mandasi m'mawa, nsima ndi ndiwo masana kwa anthu ogwira ntchito m'mafakitale a ku Waltloo, tchipisi ndi kota madzulo. Kwa inu akumudzi, kota ndi chibenthu cha buledi chofolola m'kati, n'kuikamo tchipisi, poloni ndi atcha. Anthu a ku Pretoria amatinso sphatlo.

Lero tabwera ndi nkhani ya kachipangizo kokwana m'dzanja kamene kanatsala pang'ono kutipasulira gulu: makina olipirira ndi khadi.

Kale kasitomala ankatipatsa ndalama pamanja. Kenako anthu anayamba kufunsa kuti, "Kodi khadi mumalandira?" Tikati ayi, ankapita kwa mnzathu wapatsogolo. Malipiro awo amalowa kubanki, ndalama za SASSA za agogo ndi ana nazonso zimalowa pa khadi, ndipo kuyenda ndi ndalama m'thumba anthu amaopa. Choncho tinagula makina, ena a Yoco, ena a iKhokha. Malonda anakweradi, makamaka kumapeto ndi kumayambiriro kwa mwezi.

Koma tsiku loponya masheya litafika, bokosi linali lopepuka. Amayi amene sankaphonya anayamba kunena kuti, "Ndalama ilipo, koma ili kubanki." Sankanama. Ndalama ya pa khadi sifika nthawi yomweyo. Imatenga tsiku kapena masiku awiri a ntchito. Zimene wagulitsa Loweruka umaziona sabata yotsatira, chonsecho mbatata, mafuta ndi gasi zikufunika Lolemba m'mamawa. Kandalama kochepa ka pamanja kankathera kuoda katundu, gulu n'kutsala. Miyezi iwiri tinalephera kubwereketsa aliyense, ndipo tinayamba kuyang'anana ndi diso lofiira.

Tinakhala pansi, ndipo zimene tinagwirizana ndi zimene tikufuna kukusiyirani.

Choyamba, tinasuntha tsiku la masheya kuchoka Lamlungu kupita Lachitatu, pamene ndalama za kumapeto kwa sabata zimakhala zitalowa. Amene alibe ya pamanja amatumiza ku akaunti ya gulu n'kuonetsa umboni kwa msungichuma ndi mlembi. PayShap, imene inayamba mu March 2023, imathandiza chifukwa ndalama imafika pompopompo.

Chachiwiri, tinaphunzira kuwerengera kamene amadula. Pa R100 iliyonse yolipira ndi khadi, pafupifupi R3 imatsala kwa eni makina. Imaoneka yochepa, koma amene wagulitsa za R1,000 patsiku wasiya R30, ndipo pa masiku 26 ndi R780. Imeneyi timaiika pamodzi ndi lendi ndi gasi tikamakonza mitengo, osati kuidabwa mwezi ukatha.

Chachitatu, makina akhale m'dzina lanu, ndi akaunti yanu. Tikudziwa kuti kwa ife obwera nkhani ya mapepala ndi yovuta, ndipo banki imafuna pasipoti ndi chilolezo chokhalira. Mnzathu wina analembetsa makina m'dzina la munthu amene ankamukhulupirira. Anaphika miyezi inayi, akulandira pang'onopang'ono. Atasemphana mawu, munthu uja anangotseka foni, ndalama za mwezi wathunthu n'kupita. Analibe pokadandaula chifukwa pa pepala bizinesi sinali yake. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Gulu linam'bwereketsa mpamba woyambiranso, ndipo lero ali nafe muno. Ngati mapepala sanalongosoke, kuli bwino kugulitsa pamanja kusiyana ndi kuphikira akaunti ya wina.

Chachinayi, kope musalitaye. Makina amalemba zimene zalipiridwa basi. Sadziwa mandasi amene ana adya, nkhuku imene yaonongeka magetsi atazima, kapena ngongole ya bambo amene wati adzalipira Lachisanu. M'chaka cha 2023 magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, netiweki n'kumavuta, ndipo amene analibe kope sankadziwa kuti wagulitsa zingati. Tsopano madzulo aliwonse timalemba mizere inayi: za pa khadi, za pamanja, za ngongole, ndi zoonongeka kapena zodyedwa pakhomo. Zikapanda kugwirizana ndi katundu wotsala, timafufuza usiku womwewo.

Ubwino wake tisaubise. Lipoti la pa foni limationetsa ola limene timagulitsa kwambiri ndi chakudya chimene chimayenda. Mayi wina anaona kuti mpunga umamutsalira tsiku ndi tsiku pamene kota imatha isanakwane 6 koloko. Anasiya mpunga, phindu n'kukwera. Ndipo munthu akafuna ngongole yaikulu m'gulu, timaona malipoti ake a miyezi itatu pamodzi ndi kope. Zakuti uyu ndi mlamu wa uje zinatha. Pamene Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula mu November 2024 kuti masitolo a spaza ndi malo ogulitsa zakudya alembetsedwe ku makhonsolo, amene tinazolowera kusunga mapepala mwadongosolo sitinavutike ngati ena.

Inu akumudzi musati izi ndi za ku Joni. Kasitomala akamalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, vuto ndi lomweli: ndalama ili pa foni, mwana wapempha ya bando, m'bale wapempha ya mayendedwe, pofika tsiku la banki m'khonde mulibemo kanthu. Ya bizinesi ikhale payokha, ya pakhomo payokha, ndipo ya gulu ichotsedwe poyamba.

Chaka chino tagawana popanda wina wotsala ndi ngongole, ndipo ena atumiza kale ya feteleza ndi fizi kumudzi. Amene mukufuna kuona mmene timalembera kope lathu, tabwera nalo. Mutipeze pa tebulo la Eersterust mwambo ukatha.