NAMSONGOLE WOFANANA NDI MPUNGA: KODI KWAO N'KUTI?

Mau amene mmodzi wa ophunzira akale analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka ku Mayani



Komiti itandipempha kuti ndikambe za ntchito yanga ya ulangizi wa zaulimi, ndinayankha kuti ndikamba za mpunga. Mnzanga wina amene tinkakhala desiki imodzi anaseka, nati, "Achimwene, mpunga ku Mayani? Bwanji osakamba za kachewere kapena nyemba?" Zoona, kuno kumapiri timalima chimanga, nyemba ndi kachewere. Koma mpunga timadya, ndipo boma lathu lomweli la Dedza limalima mpunga kumunsi kunyanja. Madzi a mtsinje wa Namikokwe amatsika m'mapiri n'kukathirira minda ya pa sikimu ya Bwanje Valley kufupi ndi Mtakataka, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Ambiri a ife tiri ndi abale amene chakudya chao ndi fizi ya ana zimachokera m'minda ya mpunga.

Chaka china ndikugwira ntchito kunyanja, mai wina anandiitana kumunda kwake. Iye anati, "Alangizi, mpunga wanga walodzedwa." Nditafika ndinaona mapesi ena ataliatali kuposa anzao, ngala zake ziri ndi tindevu. Nditagwedeza ngala imodzi, njere zonse zinayoyokera m'matope. Nditasenda imodzi, m'kati munali mofiira. Maiyo anali atapalira kawiri, koma sanauzindikire, chifukwa ukakhala waung'ono sausiyana ndi Faya kapena Kilombero. Chaka chimenecho matumba anachepa, ndipo ogula ataona njere zofiira anatsitsa mtengo.

Munalibe ufiti m'munda muja. Munali namsongole amene ndi mpunga ndithu, koma mpunga wosamvera mlimi. Tsono funso langa lero ndi lakuti: kodi kwao n'kuti?

Kuti tiyankhe tiyambe ndi makolo a mpunga. Mpunga umene timalima kuno dzina lake la sayansi ndi Oryza sativa. Kholo lake ndi udzu wa m'madambo a ku Asia wotchedwa Oryza rufipogon, umene anthu a m'chigwa cha mtsinje wa Yangtze ku China anayamba kuusamalira zaka zikwi zingapo zapitazo. Udzu umenewu uli ndi makhalidwe atatu. Njere zake zimayoyoka zikangokhwima, zimatha kugona m'nthaka nthawi yaitali osamera, ndipo ndi zofiira. Makhalidwe amenewa amathandiza udzu kuti usathe m'tchire, koma kwa mlimi ndi tsoka. Choncho alimi akale, posunga mbeu chaka ndi chaka, ankasankha ngala zosayoyoka, zomera pamodzi, ndiponso za njere zoyera.

Makhalidwe a mbeu amalembedwa m'tinthu totchedwa majini. Ndikuona ena mukumwetulira. Sindikunena majini aja okwera munthu ai, koma malangizo a chibadwa amene ali mu DNA, amene kholo limapatsira mwana. Jini yotchedwa Rc ndiyo imafiiritsa khungu la njere. Mu 2006 akatswiri anasonyeza kuti mpunga woyera wambiri ndi woyera chifukwa jini imeneyi inaduka, munasowa zilembo 14 zokha. Jini ina yotchedwa sh4 itasintha pang'ono, njere zinayamba kugwira ngala mpaka mlimi adzamwete. Mukuona kuti mpanda wa pakati pa mbeu ndi udzu ndi waufupi.

Umboni womveka bwino unachokera ku America. Ku United States kulibe Oryza wam'tchire wobadwira konko, komabe alimi a ku Arkansas ndi Louisiana avutika ndi mpunga wofiirawu kwa zaka zambiri. Mu 2017 gulu la Kenneth Olsen wa pa Washington University ku St. Louis linafalitsa zimene linapeza litawerenga DNA yake. Linapeza kuti uli mitundu iwiri. Wa mankhusu otuwa unachokera ku mpunga wolimidwa wa mtundu wa indica, pamene wa mankhusu akuda ndi tindevu unachokera ku mtundu wina wolimidwa wotchedwa aus, wa ku India ndi Bangladesh. Chodabwitsa n'chakuti namsongoleyu ali ndi jini ya sh4 yofanana ndi ya mpunga wa m'munda, komabe amayoyoka. Ndiye kuti ndi mwana wa pakhomo amene anapeza njira yake yobwererera ku makhalidwe a makolo a kutchire.

Njira yachiwiri ndi ukwati wa pachibale. Mpunga kawirikawiri umadzibereketsa wokha, koma mwa apo ndi apo mungu umauluka kuchoka pa phesi lina kupita pa lina. Ku Thailand ndi Malaysia, kumene mpunga wam'tchire umamera m'mbali mwa minda, namsongole wina ali ndi magazi a mbali zonse ziwiri. Nafenso mu Africa tiri ndi mpunga wathu wam'tchire. Oryza barthii ndi kholo la mpunga wa ku West Africa wotchedwa Oryza glaberrima, ndipo Oryza longistaminata, amene amayanga ndi mizu pansi, amapezeka m'madambo a maiko ambiri kuphatikizapo kwathu kuno. Onse awiri amalowerera minda ya mpunga.

Mwina wina anena kuti, ingopoperani mankhwala. Vuto ndi lakuti mankhwala opha namsongoleyu aphanso mpunga, pakuti ndi pachibale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ku America anatulutsa mpunga wotchedwa Clearfield wosafa ndi mankhwala ena ake. Poyamba zinayenda bwino. Koma mungu wa Clearfield unakwatirana ndi namsongole uja, ndipo pasanathe zaka 20 minda yambiri inali ndi namsongole wosamva mankhwalawo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Nanga mai uja tinamuthandiza bwanji? Titafunsitsa, tinapeza kuti mbeu yake anagula pa msika, yosakanikirana kale. Tinagwirizana zinthu zinai. Choyamba, apeze mbeu yoyera yodziwika kumene yachokera, monga mitundu imene amayesa ku Lifuwu m'boma la Salima. Chachiwiri, asafese mwachisawawa, koma achite nazale n'kuwokera m'mizere, kuti chomera kunja kwa mzere chidziwike kuti n'chachilendo. Chachitatu, ngala zikangotuluka ayendere munda n'kuzula phesi lirilonse lotalika kapena la tindevu, njere zisanayoyoke. Chachinai, asanawokere alowetse madzi kuti njere zogona zimere, kenaka azigaule. Sizinathe chaka chimodzi ai, pakuti nthaka inali itasunga njere zambiri. Koma m'chaka chachitatu mpunga wake unagulidwa pa mtengo wa anzake.

Anzanga, mbeu yabwino siikhala yabwino yokha. Imakhala yabwino chifukwa chaka chiri chonse pali munthu amene akusankha. Akaleka, imabwerera kumene inachokera. Mukapita kumudzi, uzani abale kuti nkhondo ya namsongoleyu imayambira pa thumba la mbeu, ndipo izi zikhudzanso nyemba ndi kachewere wathu wa kuno.

Pomaliza, ndipemphe kuti pa zopereka zathu za chaka chino tipatuleko zothandiza dimba la pa sukulu ndi zipangizo za sayansi. Ine ndinaphunzira kuyang'anitsitsa ngala ndi tsamba m'dimba lomwelo, mphunzitsi wathu atatiimika pa dzuwa. Ana athu nawonso aphunzire kuona.