Kodi mwera ungasiye kuwomba? Mawu a mlangizi wa za usodzi pa msonkhano wa makomiti a BVC



Pa msonkhano wathu wapitawu bambo wina wachikulire anandifunsa funso lomwe ndinalephera kuliyankha bwino. Anati, “Alangizi, mwera masiku ano ukubwera mosokonekera. Kodi ungadzasiye kuwomba?” Ambiri munaseka, inenso ndinaseka nawo. Koma nditakafufuza ndinapeza kuti bamboyo anafunsa za nzeru, ndipo lero ndabwera ndi yankho lake. Yankholi likuyambira kutali, ku nyanja yaikulu ya mchere yotchedwa Atlantic, choncho mundipirire pang'ono.

Tiyambe ndi zomwe tonse tikuzidziwa. Mwera ukamawomba kuyambira mwezi wa Meyi mpaka cha mu Ogasiti, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto. Kuno kummwera madzi ozizira a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake, ndipo amabwera ndi chonde. Chondecho chimameretsa tindere ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tizilombo ta m'madzi timadya tinderet'o, usipa ndi utaka n'kumadya tizilomboto. N'chifukwa chake chigawo cha Mangochi chili ndi nsomba zochuluka. Mphepo yomwe imatigonetsa pa doko masiku atatu osalowa m'madzi ndi yomweyo imene imathira manyowa m'nyanja.

Nyanja za mchere nazonso zimatembenuza madzi, koma pa mtunda wautali zedi. Madzi ofunda amachokera kumadera otentha kupita kumpoto kwa Atlantic. Akafika kufupi ndi Greenland amazizira, ndipo poti ali ndi mchere wambiri amalemera n'kumira. Akamira amabwerera kummwera chapansipansi, ndipo pamatha zaka pafupifupi 1,000 kuti azungulire dziko lonse. Kumira kwa madziwo ndi kumene kumakoka madzi ena ofunda kuti abwere, ndipo kutentha kwake kumafunditsa maiko a ku Ulaya. Katswiri wina wa ku America, Wallace Broecker, ankayerekeza kayendedwe kameneka ndi lamba wa makina yemwe amazungulira osaima.

Zaka 21,000 zapitazo dziko linali lozizira kwambiri. Pafupifupi dziko lonse la Canada linali pansi pa madzi oundana, ndipo nyanja za mchere zinali zotsika ndi mamita oposa 100. Kenako kunayamba kufunda, madzi oundana aja n'kumasungunuka. Koma zaka 12,900 zapitazo kuzizira kunabwerera mwadzidzidzi, n'kukhala zaka pafupifupi 1,200. Nyengo imeneyi amaitcha Younger Dryas, potengera dzina la kaduwa komwe kamamera kumalo ozizira kwambiri.

Chinachitika n'chiyani? Akatswiri ambiri amati madzi osungunuka aja anadzaza chinyanja chachikulu ku North America, chomwe lero amachitcha Agassiz, ndipo madzi ake anasefukira m'nyanja ya mchere. Madzi opanda mchere ndi opepuka. Anayandama pamwamba ngati mafuta a injini, madzi a pamenepo analeka kumira bwino, lamba uja n'kufooka. Chodabwitsa ndi liwiro lake. Akatswiri ataboola madzi oundana a ku Greenland, omwe amasanjikana chaka ndi chaka ngati mizere ya m'thunthu la mtengo, anapeza kuti pomwe nyengoyi imatha, zaka 11,700 zapitazo, kumeneko kunafunda ndi madigiri pafupifupi 10 m'zaka makumi ochepa chabe. Ndiye kuti munthu anabadwira m'nyengo ina, n'kukalambira m'nyengo inanso. Zaka 8,200 zapitazo chinyanja cha Agassiz chinakhuthukanso, ndipo kuzizira kwa ulendo umenewo kunatenga zaka pafupifupi 150.

Ndikuona amayi ena kumbuyoko akuyang'ana matandala awo, mwina akuti za ku Greenland zikutikhudza bwanji ife. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Pansi pa nyanja yathuyi, kupitirira mamita 250, mulibe mpweya woti nsomba kapena nyongolotsi zikhalemo. Choncho matope omwe amagwera pansipo palibe chowavundula, amangosanjikana mwadongosolo lake. Thomas Johnson wa ku yunivesite ya Minnesota ndi anzake anatenga matope amenewa kumpoto kwa nyanjayi, ndipo mu 2002 anafalitsa zomwe anapeza pa zaka 25,000 za mbiri ya nyanja yathu. M'matopemo anayeza zigoba za tindere tija, komanso phulusa la mapiri ophulika a Rungwe ku Tanzania, lomwe limafika panyanja mochuluka pamene mphepo ikuchokera kumpoto. Anapeza kuti nthawi zomwe ku Greenland kunkazizira, kuno mphepo ya mpoto inkawomba kawirikawiri, ndipo madzi a chonde ankakwera kwambiri kumpoto kwa nyanja. Iwo akuganiza kuti mzere wa mitambo ya mvula, womwe umatsikira kuno m'dzinja, unkakankhidwira kummwera kuposa masiku ano.

Choncho bambo aja, yankho lanu ndi ili: mwera sunganyamuke n'kutheratu mawa, koma mphamvu za mwera ndi mpoto zinasinthapo kale panyanja ino, ndipo chomwe chinazisintha chinachokera kutsidya la dziko. Mphepo ikasintha, malo okwera chonde amasinthanso, ndipo nsomba zimatsata chakudya, sizitsata malire a BVC.

Kuti nyanja imasintha si zachilendo kwa ife. Kuyambira 1915 mpaka 1935 madzi anatsika mpaka mtsinje wa Shire unasiya kutuluka m'nyanja. Anzathu a ku Chilwa anaona nyanja yawo ikuuma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018.

Nanga lero? Madzi oundana a ku Greenland akusungunukanso chifukwa dziko likutentha, ndipo kuyambira 2004 pali zipangizo zomwe zinamangidwa m'nyanja ya Atlantic zoyeza mphamvu ya lamba uja. Bungwe la akatswiri a zanyengo la IPCC linanena mu 2021 kuti lambayo afooka ndithu m'zaka zikubwerazi, koma silikuyembekezera kuti aimiretu mwadzidzidzi chisanafike chaka cha 2100. Akatswiri ena akuti ngoziyo ili pafupi kuposa pamenepo. Ine sindikufuna wina agulitse injini yake chifukwa cha mawu angawa. Chinyanja ngati cha Agassiz kulibenso lero, ndipo usipa ukasowa chaka chino tisathamangire kunamizira Greenland pamene maukonde a udzudzu ali pompano pa doko.

Pempho langa kwa alembi a makomiti ndi lakuti m'buku lomwe mumalembamo mabigiri a nsomba muonjezere mzere umodzi: mphepo yomwe yawomba tsikulo, kaya mwera, mpoto kapena vuma, ndi ngati mabwato analowa m'madzi kapena ayi. Ndidzayamba kuyang'ana mzere umenewu ndikadzabwera mwezi wamawa. Apampando, ndabweza mwayi kwa inu kuti tilandire mafunso.