Mawu a Mnzathu Wophunzira Udokotala wa Mafupa pa Msonkhano wa ku Area 47

Mwandipempha kuti ndifotokoze chifukwa chimene ndidakali pa sukulu pamene anzanga a kalasi imodzi akulipirira kale ana awo fizi.

Ulendo wake ndi wautali. Munthu akakhoza MSCE amachita chaka chokonzekera, kenaka zaka 5 za udokotala ku sukulu imene tinaizolowera kuti College of Medicine, yomwe inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 ndipo mu 2021 inalowa m'yunivesite ya KUHeS. Akatero amagwira ntchito moyang'aniridwa kwa miyezi 18. Apa ndi dokotala ndithu, koma za mafupa sanaziyambe. Ine ndinalowa maphunziro a COSECSA, bungwe la madokotala a opaleshoni a maiko a chigawo chino cha Africa, limene linakhazikitsidwa mu 1999. Ndi zaka zina 5: ziwiri za opaleshoni yosiyanasiyana, zitatu za mafupa okhaokha.

Kalasi yathu ndi wodi ya pa Kamuzu Central Hospital. M'mawa timaonetsa akuluakulu athu zithunzi za X-ray za odwala amene abwera usiku, iwo n'kumatipanikiza ndi mafunso pamaso pa anzathu, monga ankachitira aphunzitsi athu a masamu aja. Odwala ambiri ndi a ngozi za pamsewu, makamaka a njinga zamoto za kabaza. Inu okhala kuno ku 47, mukamakwera kabaza usiku pa Bwandilo, chonde funsani chipewa.

Ndinene za fupa la ntchafu, poti ndilo linandikokera ku ntchitoyi. Fupali likathyoka mwa munthu wamkulu, chikhakha sichithandiza. Njira yakale ndi kumugoneka pabedi, mwendo utakokedwa ndi zolemera, kwa masabata 6 kapena kuposerapo. Masabata onsewo bizinesi yaima, munda sukulimidwa, ndipo mayi kapena mlongo wasiya zonse kudzadikirira matenda. Koma tikalowetsa chitsulo m'kati mwa fupalo, munthu yemweyo amadzuka ndi ndodo patangopita masiku ochepa. Kuti manja azolowere ntchito imeneyi pamafunika zaka, ndipo opaleshoni iliyonse imene wachita imalembedwa m'buku loonedwa ndi oyesa mayeso.

Tisaiwale ma orthopaedic clinical officer, amene anayamba kuphunzitsidwa mu 1985. Ndiwo amaongola mafupa ambiri m'zipatala za m'maboma, ndipo ine ndaphunzira zambiri kwa iwo. Mu 2023 pafupi ndi Kamuzu Central panatsegulidwa chipatala cha LION, cha mafupa ndi ubongo, ndi thandizo lochokera ku Norway. Nyumba ilipo tsopano; chofunika ndi anthu ogwiramo ntchito.

Pempho langa lili pa thumba lathu lothandizira ophunzira. Mwana wa Folomu 4 amene tingamulipirire chaka chino adzafunika zaka zoposa 12 asanakhale dokotala wa mafupa. Ndikupempha komiti kuti thandizo lisamathere pa MSCE, koma limuperekeze mwanayo mpaka chaka choyamba cha ku koleji, pamene makolo ambiri amakhala atatheratu mphamvu. Amene ali ndi ana ofuna udokotala andipeze tikatha kudya. Ndilipo mpaka 3 koloko, poti usiku uno ndili pa ntchito.