Mbava ya Panyanja Imaweruzidwa Pamtunda

Wakuba akagwidwa m'khola la mbuzi usiku, eni khola sasowa kopita naye. Amammanga ndi chingwe, kukacha nkupita naye kwa nyakwawa, ndipo mlandu ukakula umakafika kupolisi ndi kubwalo la milandu. Mboni zili m'mudzi momwemo, mbuzi ili pomwepo, chilankhulo nchimodzi. Tsono taganizani za mbava yogwidwa pakati pa nyanja yamchere ya India, kutali kwambiri ndi gombe. Woigwira ndi msilikali wa ku Denmark, chombo chimene inafuna kulanda ncha munthu wa ku Greece koma chikuulutsa mbendera ya Panama, amalinyero ake ndi a ku Philippines, pamene mbavayo kwawo ndi ku Somalia. Kodi mlandu wotere ukatulidwe kwa yani?

Funso limeneli linasautsa maiko kwa zaka zingapo. Boma la Siad Barre litagwa m'chaka cha 1991, gombe la Somalia, lotalika makilomita oposa 3,000, linakhala lopanda mlonda. Zombo za asodzi akunja zinalowa m'madzimo mwakufuna kwawo, ndipo anyamata ena a m'midzi ya kugombe anayamba kuzigwira ndi kuzilipiritsa. Posakhalitsa zimenezi zinasanduka malonda a magulu a mfuti, okhala ndi owapatsa ndalama ndi owalankhulira pa za dipo. M'chaka cha 2008 analanda chombo cha Faina chitanyamula akasinja ankhondo 33, kenaka cha Sirius Star chitasenza migolo ya mafuta pafupifupi 2 miliyoni. M'chaka cha 2011 chokha, zombo zinathiridwa nkhondo ndi achifwamba a ku Somalia maulendo 237.

Wina angati izi nza eni nyanja, popeza Malawi alibe gombe la nyanja yamchere. Koma mu December 2010 achifwambawo anatsika mpaka m'madzi a Mozambique nalanda chombo cha asodzi chotchedwa Vega 5, ndipo chaka chotsatira South Africa inatumiza chombo chankhondo kukalondera dera la Pemba. Feteleza, mafuta ndi mankhwala a dziko lino zimatsikira pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Fodya ndi tiyi zimatulukiranso komweko. Mwini chombo akawonjezera mtengo chifukwa cha mantha, wolipira wotsiriza ndi mlimi wogula thumba la feteleza.

Choyamba maiko anatumiza zombo zankhondo. Nthambi yoona za chitetezo ya bungwe la United Nations inapereka chilolezo mu June 2008, ndipo maiko a ku Ulaya anayambitsa ulonda wawo wotchedwa Atalanta mu December chaka chomwecho. Asilikali anagwiradi achifwamba ambiri. Chodabwitsa nchakuti atawagwira, ankawalanda mfuti ndi makwerero, nkuwapatsa madzi ndi chakudya, nkuwasiya apite. Lamulo la maiko la za panyanja la 1982 limalola dziko lililonse kuzenga mlandu wa uchifwamba wochitikira pakati pa nyanja, koma kulola si kukakamiza. Maiko olemera sanafune kutengera anthuwo kwawo, poopa kuti akatha kugwira ukaidi adzapempha malo okhala. Mu January 2011 Jack Lang, nduna yakale ya ku France imene inatumidwa kukafufuza nkhaniyi, anauza United Nations kuti mwa achifwamba khumi ogwidwa, asanu ndi anayi ankamasulidwa osaona bwalo.

Apa ndi pamene panabadwira ntchito ya chitukuko ya mtundu wachilendo, yosakumba zitsime kapena kumanga sukulu, koma yokonza njira yoti mlandu uyende kuchokera pachombo chankhondo kufikira kundende. M'chaka cha 2009 nthambi ya United Nations yolimbana ndi upandu ndi mankhwala ozunguza bongo, yodziwika ndi dzina loti UNODC, inatsegula ntchitoyi mu ofesi yake ya ku Nairobi. Dziko la Kenya linali litavomera kulandira oganiziridwawo, ndipo pambuyo pake zilumba za Seychelles ndi Mauritius zinavomeranso.

Ntchito ya woyang'anira pulojekiti yotere ilibe ulemerero wa kapitawo wa chombo. Iye amalimbana ndi tinthu tating'onoting'ono timene tikasowa mlandu wonse umagwa. Woimbidwa mlandu amalankhula Chisomali, woweruza amalankhula Chingerezi, mboni mwina Chifalansa. Pafunika womasulira wokhala m'bwalo tsiku lililonse, ndipo wina ayenera kumlipira. Pafunika loya woimira woimbidwa mlanduyo, pakuti chiweruzo chopanda womuimira sichingaime pamaso pa maiko. Mboni yaikulu, amene ndi kapitawo wa chombo chothiridwa nkhondo chija, pofika tsiku la mlandu amakhala ali ku Singapore kapena ku Rotterdam. Ayenera kufunidwa, kugulidwira tikiti ya ndege, kapena kupereka umboni kudzera pa kanema. Achifwamba akaona ndege yankhondo ankaponya mfuti m'madzi nkunena kuti iwo ndi asodzi chabe. Motero asilikali anayenera kuphunzitsidwa kujambula zithunzi, kulemba amene wagwira chinthu chilichonse ndi nthawi yake, ndi kupereka umboniwo mwa njira imene woweruza wa ku Mombasa angaivomere. Ngakhale zaka za munthu zinali mlandu paokha, pakuti ambiri analibe chikalata cha kubadwa ndipo ena ankati ndi ana.

Kenaka ndende. Dziko la ku Ulaya silingapereke munthu kumalo kumene akazunzike, choncho ndende ya Shimo la Tewa ku Mombasa inayenera kukonzedwa: madzi, zimbudzi, khitchini ndi chipatala. Mu June 2010 bwalo la milandu lotetezedwa bwino linatsegulidwa pafupi pomwepo, pa Shanzu. Apa pali chinthu choyenera kuchiona bwino. Mpope wa madzi sufunsa ngati womwa ndi wachifwamba kapena wakuba nkhuku, ndipo akaidi wamba a ku Kenya, amene anali ochuluka koposa, anapindula nawo. Woyang'anira wanzeru amakonzeratu zinthu motere, podziwa kuti dziko lolandira alendo ovutawa liyenera kuonapo phindu lake.

Ndalama zake zinkachokera ku maiko ambiri, ena mwachindunji, ena kudzera m'thumba limodzi limene linakhazikitsidwa mu 2010. Mutu umodzi susenza denga, nzoona, koma osenza akachuluka aliyense amafuna denga lilowere kwake. Wopereka aliyense ali ndi chaka chake cha ndalama, mapepala ake a malipoti, ndi zimene salola kuti ndalama zake zigule. Wina amalola kulipira maphunziro koma osati njerwa. Wina amafuna nyumba yoti adzaikepo chikwangwani koma osati malipiro a mlonda. Ndalama zimaperekedwa za chaka chimodzi kapena ziwiri, pamene mlandu ungatenge zaka zitatu ndipo chilango zaka khumi. Mlandu suwola, koma thumba la pulojekiti limatha.

Ndiponso woyang'anirayo salamula boma kapena woweruza. Mu 2010 Kenya inadandaula kuti yasenzetsedwa katundu yokha ndipo inathetsa mapangano ake olandira oganiziridwa. Mu November chaka chomwecho woweruza Mohamed Ibrahim wa bwalo lalikulu ku Mombasa anagamula kuti mabwalo a dzikolo analibe mphamvu pa milandu yochitikira kunja kwa madzi a Kenya. Chigamulocho chinasinthidwa ndi bwalo la apilo mu October 2012, koma kwa zaka ziwiri milandu yambiri inayenda mokayikitsa. Palibe pepala la mapulani limene linaoneratu zimenezo.

Katundu wambiri anagwera Seychelles, dziko la anthu osakwana 100,000 panthawiyo, lokhala ndi ndende yaikulu imodzi, ya Montagne Posée. Dzikolo linakonza malamulo ake mu 2010 kuti lithe kuzenga milandu yochitikira kulikonse panyanja, koma linanenetsa chinthu chimodzi: lidzaweruza, koma opezeka olakwa akagwire ukaidi kwawo. Motero pulojekiti imene inayamba ndi omasulira inapezeka ikumanga ndende m'dziko la Somalia momwemo ndi kuphunzitsa alonda ake. Ndende ya Hargeisa, ku Somaliland, inatsegulidwa mu 2011, ndipo mu March 2012 akaidi 17 oyamba anatumizidwa kumeneko kuchokera ku Seychelles. Ya Garowe, ku Puntland, ya malo 500, inatsegulidwa mu 2014. Koma mu 2019 akuluakulu a Somaliland anamasula akaidi 19 nthawi yawo isanakwane, ndipo boma la Seychelles linakwiya kwambiri. Wopereka thandizo angamange khoma ndi kugula loko, koma kiyi amakhala m'thumba la mwini dziko.

Kuyambira 2012 uchifwambawo unatsika msanga. Ndani anauthetsa? Ankhondo amati ndi zombo zawo. Eni zombo amati ndi waya waminga, liwiro, ndi alonda a mfuti amene anayamba kukwera nawo. A mabwalo amati ndi zilango, pakuti achifwamba oposa 1,000 anamangidwa m'maiko osiyanasiyana. Zoona zake nzakuti palibe angadzitame yekha, ndipo ili ndi vuto lina la woyang'anira: opereka ndalama amafuna chiwerengero chosonyeza zimene ndalama zawo zachita, pamene chombo chimene sichinalandidwe sichisiya chizindikiro chilichonse. Chofooka chachikulu chinali chakuti ogwidwa ambiri anali anyamata a m'mabwato; akuluakulu opereka ndalama, okhala pamtunda, ochepa okha ndiwo anaona bwalo.

Ntchitoyo sinatsekedwe, koma inakula nkuyamba kuona za upandu wina wa panyanja: mankhwala a heroin odzera m'zombo zamatabwa kuchokera kugombe la Makran kupita ku Tanzania ndi Mozambique, usodzi wakuba, ndi kuba anthu m'zombo kugombe la kumadzulo kwa Africa. Pa 1 January 2023 mabungwe a eni zombo anachotsa nyanja ya India pa mndandanda wa madera oopsa kwambiri. Chaka chisanathe, mu December 2023, chombo cha Ruen chinalandidwa. Asilikali a India anachiwombola mu March 2024 natengera achifwamba 35 ku Mumbai kukazengedwa mlandu.

Mu January 2024 bwato la asodzi a ku Sri Lanka lotchedwa Lorenzo Putha 4 linalandidwanso. Amene analithamangira sanali a ku Ulaya kapena ku America, koma asilikali a Seychelles eni ake. Anapulumutsa asodzi asanu ndi mmodzi, nagwira Asomali atatu, nawatengera ku Victoria, likulu la dzikolo, kumene lamulo lija la 2010 linali likugwirabe ntchito ndipo bwalo linali lotsegula.