MLANDU WA CITSIME NDI MTSINJE

(Mau okambidwa pa msonkhano wa alimi ndi aphunzitsi)

Munthu akakumba citsime m'munda mwace amati madziwo ndi ace. Koma kodi ndi acedi? Mlandu wina wa ku America uyankha funso limeneli.

Kumeneko kuli mtsinje dzina lace Republican. Uyambira m'cigawo ca Colorado, nupyola ca Nebraska, nutsikira ku Kansas. M'caka ca 1943 zigawo zitatuzi zinapangana kugawana madzi ace motere: pa magawo 100 ali onse, Nebraska atenge ngati 49, Kansas 40, ndi Colorado 11.

Pambuyo pace alimi a ku Nebraska anakumba zitsime zakuya zikwi zambiri, naikamo makina opopa madzi othirira cimanga. Mtsinje unayamba kucepa, ndipo a kumunsi ku Kansas anadandaula. A Nebraska anayankha kuti pangano linanena za mtsinje, osati za zitsime ai.

Apa ndipo panali pogona mlandu. Mvula ikagwa, madzi ena alowa pansi, nayenda pang'ono pang'ono mumcenga ndi m'miyala kufikira atulukira mumtsinje. Madzi amenewa ndiwo asunga mtsinje m'cilimwe. Amai amene afukula mcenga pa mtsinje wophwa napeza madzi adziwa bwino cimeneci. Tsono makina agwira madziwo pa njira asanafike. Cobvuta nciti? Kucepako sikuoneka tsiku lomwelo. Nthawi zina papita zaka, ndipo wopopayo akana kuti si iye.

Mu 1998 Kansas anakasuma ku Bwalo Lalikulu la United States. Mu 2002 onse atatu anabvomerezana kuti madzi a m'zitsime aziwerengedwa monga momwe acepetsera mtsinje, ndipo akatswiri anakonza mawerengedwe ace pa kompyuta. Koma m'zaka za cilala za 2005 ndi 2006 Nebraska anapyola gawo lace ndi madzi ngati 17 pa 100. Kansas anasumanso mu 2010, ndipo mu 2015 oweruza analamula Nebraska kulipa madola 5,500,000. Mwa ndalamazi, 3,700,000 zinali zobwezera zimene Kansas anataya, ndi 1,800,000 cifukwa Nebraska anadziwa kuti angapyole malire koma sanasamale, napindula ndi madzi a mnzace. Akulu anati mlandu suola.

Cotsatira cace cinagwera alimi omwe. Madzi othirira anayamba kupimidwa molimba, ndipo mabungwe oyang'anira madzi ku Nebraska anacita kugula minda ina, kuleka kuithirira, ndi kupopera madzi ace mumtsinje kuti afike ku Kansas.

Phunziro lace ndi ili: madzi a pansi ndi madzi a mumtsinje ndi amodzi. Anthu akamagawana mtsinje awerengere zitsime zomwe, ndipo acite zimenezi makina asanalire. Mwini citsime wa kumtunda akumbukire kuti kumunsi kulinso munthu amene ali ndi munda ndi ana.