MCHERE NDI ODWALA MTIMA: MAWU A DOKOTALA

Awa ndi mawu amene a Dokotala analankhula kwa mafumu, aphunzitsi ndi anthu a m'midzi pa msonkhano wa zaumoyo.

A Dokotala anati anthu ambiri odwala mtima amadandaula kuti sagona tulo, pakuti amadzuka katatu kapena kanayi usiku kukataya madzi. Chifukwa chake ndi ichi: mtima ukafooka sukankha magazi mwamphamvu, ndipo masana madzi amatsikira m'miyendo, mapazi natupa. Munthu akagona pamphasa, madzi aja amabwerera m'magazi, ndipo impso zimayamba kuwatulutsa. Tsono mchere ndiwo umasunga madzi m'thupi. Wodya mchere wambiri amamvanso ludzu, namwa madzi ambiri.

Iwo anakumbutsa anthu kuti bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiyo sipuni imodzi yaing'ono ya tiyi. M'chaka cha 2017 madokotala a ku Nagasaki, m'dziko la Japan, anaonetsa kuti anthu amene anachepetsa mchere anayamba kudzuka kochepa usiku, koma amene anauchulukitsa anadzuka kowirikiza.

Pofotokoza zoyenera kuchita, a Dokotala anati wophika athire mchere pang'ono mumphika, ndipo wodwala asawonjezere wina pambale. Nsomba zouma zamchere ziyambe zaviikidwa m'madzi, madziwo n'kutayidwa. Soda wa m'therere ndi timibulu tokometsera ndiwo ta m'sitolo nazonso zili ndi mphamvu ya mchere. Anyezi, tomato, nsinjiro ndi mandimu zimakometsa ndiwo popanda vuto. Mchere wochepawo ukhale wa ayodini. Lilime limazolowera pakapita masabata owerengeka.

Anatinso wodwala akweze miyendo pampando dzuwa likapendeka, ndipo asamwe tiyi wambiri madzulo. Mankhwala otulutsa madzi amwedwe m'mawa monga analamulira a chipatala, ndipo munthu asawaleke yekha.

Potsiriza anachenjeza kuti nkhaniyi si yamasewera. Nkhalamba yopita kuchimbudzi mumdima ingathe kugwa n'kuthyoka mwendo, ndiponso mtima wosapuma bwino umafookerafookera. Kukodza kawirikawiri kumabweranso ndi matenda a shuga, kotero aliyense woona zotere, kapena wobanika pogona, apite kuchipatala msanga. Aphunzitsi anapemphedwa kuwawerengera mawu awa anthu amene sadziwa kuwerenga.